Kutsogolera Maphunziro a Ntchito Zamanja pa Koleji ya M'dera

Mawu oyamba

Ndisanabwere kudzaphunzira za chiyankhulo kuno ku yunivesite, ndinagwira ntchito zaka zinayi pa koleji ina ya m'dera yophunzitsa ntchito zamanja. Ndinapita kumeneko ngati mphunzitsi wa Chingerezi ndi kalembedwe ka makalata, koma m'chaka chachiwiri anandipatsa udindo woyang'anira maphunziro onse mothandizana ndi mkulu wa kolejiyo. Ine si kalipentala, makina owotcherera zitsulo sindinawagwirepo, ndipo khoma limene ndinayesa kumanga tsiku lina aphunzitsi a zomangamanga analigwetsa ndi dzanja limodzi, ophunzira ali kuseka. Komabe kwa zaka zitatu ndinali ine wokonza ndandanda ya maphunziro, wogawa simenti ndi matabwa, wofunira ana malo okaphunzirira ntchito, ndiponso woyankha makolo akabwera ndi madandaulo.

Mu nkhani ino ndifotokoza zimene munthu wotsogolera maphunziro otere amachita, zifukwa zake, ndi pamene pamagona mavuto. Ndaona kuti anthu ambiri, ngakhale anzanga ophunzira pano, amaganiza kuti koleji ya m'dera ndi sekondale chabe imene angoionjezera macheka ndi nyundo. Kayendetsedwe kake n'kosiyana kwambiri, ndipo mtsogoleri akalakwitsa, amene amavutika ndi mnyamata kapena mtsikana uja makolo ake anagulitsa mbuzi kuti apeze luso lodyera.

Kumene maphunzirowa achokera

Ntchito zamanja sizinabwere ndi sukulu. Makolo athu ankasula makasu ndi nkhwangwa, ankaumba mbiya, ankaluka mphasa ndi malichero, ankasema mabwato ndi mitondo, ndipo mwana ankaphunzira poonerera ndi pothandiza wamkulu. Chimene amishoni anabweretsa ndi kuika luso m'kalasi, kulipatsa nthawi yake ndi mayeso ake. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, ndipo omanga ake anali anthu a komweko amene anaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa pa ntchito yomweyo. Ku mpoto, Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, kumene kuphatikiza pa uphunzitsi ankaphunzitsanso ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku.

M'kupita kwa zaka dziko lathu linakhala ndi makoleji akuluakulu 7 a ntchito zamanja, ena a boma ndipo ena oyambitsidwa ndi mipingo. Makolejiwa ndi Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda achinyamata ena ankaphunziranso ulimi ndi ntchito zina zamanja m'misasa ya Malawi Young Pioneers, mpaka pamene asilikali analanda zida za gululo mu Disembala 1993. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira ndi kutukula maphunziro a luso. Lamulo lomwelo linabweretsa msonkho umene olemba anthu ntchito amapereka pothandiza maphunzirowa, ndipo kwa zaka zambiri msonkhowu wakhala K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo.

Vuto linali lakuti malo m'makoleji akuluakulu aja anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi achinyamata ofuna maphunziro. Pa chifukwa chimenechi boma linayambitsa makoleji a m'madera, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anatsegulira ndondomekoyi ku Ngara m'boma la Karonga mu 2015. Cholinga chinali chakuti boma lililonse likhale ndi koleji yake, mwana aziphunzira kufupi ndi kwawo. Kalembera wa 2018 anangotsimikiza zimene aliyense ankaona kale: m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 51 mwa anthu 100 alionse anali asanakwanitse zaka 18.

Dzina lakuti koleji ya m'dera ndi lodziwika kwambiri ku America. Kumeneko koleji ya Joliet m'chigawo cha Illinois inayamba mu 1901, ndipo dzinali linafala pambuyo pa lipoti la mu 1947 la komiti imene Pulezidenti Harry Truman anakhazikitsa. Makoleji awo amaphunzitsa zaka ziwiri, ena n'kupitiriza ku yunivesite, ena n'kukayamba ntchito. Athu ndi ang'onoang'ono ndipo amaona za luso la manja basi, koma mfundo yake ndi imodzi: koleji iyenera kuyankha zosowa za dera limene ikupezeka.

Kusankha ntchito zoti ziphunzitsidwe

Mtsogoleri wa pa koleji salemba yekha silabasi. Zimene wophunzira ayenera kudziwa pa gawo lililonse zimakonzedwa ku likulu ndipo n'zofanana dziko lonse. Mphamvu imene iye ali nayo ndi yonena ntchito zimene dera lake likufuna, chiwerengero cha ana amene shopu iliyonse ingalandire, ndi mbali zimene aphunzitsi ayenera kukhalapo nthawi yaitali. Ntchito zopezeka kawirikawiri m'makoleji a m'madera ndi zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, utelala, kuika mapaipi a madzi, zamagetsi, kukonza njinga zamoto ndi zamakompyuta. Palibe koleji yaing'ono imene ingaphunzitse zonsezi bwinobwino, choncho kusankha n'kosapeweka.

Ine ndinaphunzira kufunsa mafunso atatu. Loyamba, kodi m'dera muno muli anthu amene angalipire ntchito imeneyi? Lachiwiri, kodi tili ndi mphunzitsi, zida ndi magetsi zoti tiphunzitsire moona? Lachitatu, kodi womaliza maphunziro angayambe ntchito ndi zida zimene iye kapena abale ake angakwanitse kugula? Ntchito ikalephera funso limodzi mwa atatuwa ndi bwino kuisiya, ngakhale dzina lake likome chotani pa chikwangwani cha pa geti.

Yankho la funso loyamba silipezeka mu ofesi. Tsiku la msika ndinkatenga kope n'kuyenda pa tawuni yathu yaing'ono. Ndinkawerenga matelala okhala m'makonde a masitolo, ndinkafunsa ogulitsa zipangizo zomangira kuti katundu amene akutha msanga ndi uti, ndinkacheza ndi anyamata a kabaza, ndipo ndinkapita ku misonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'dera kukamva zimene mafumu akudandaula. Zimene ndinapeza zinasiyana ndi zimene ndinkaganiza. Matelala analipo ambiri, ndipo kaunjika anali atawalanda makasitomala. Opeza bwino anali okhawo odziwa kusoka mayunifolomu a sukulu ndi a magulu a m'mipingo. Njinga zamoto zinali mbwee, koma wodziwa kukonza mawaya ake anali mmodzi, ndipo anthu ankamudikira masiku. Pa madenga ambiri panali masola, koma mabatire ankafa msanga chifukwa cholumikiza mwachisawawa.

Malamulo a dziko nawonso amasintha msika. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Kuyambira pamenepo womanga wongodziwa njerwa zowotcha anayamba kutsalira, chifukwa makontirakitala amafuna munthu wodziwa kuumba ndi kuyala mabuloko a simenti. Mtsogoleri amene samva nkhani zotere amatulutsa amisiri a dzana.

Pali ngozi inanso, yodzaza msika. Koleji ikamatulutsa akalipentala 20 chaka chilichonse pa tawuni ya mashopu asanu a mipando, pakatha zaka zitatu anawo amayamba kulimbirana kasitomala mmodzi ndi kutsitsirana mitengo mpaka osapindula kanthu. Choncho nthawi zina m'pofunika kuchepetsa malo pa ntchito ina, ngakhale ofunsira ali ambiri.

Maganizo a makolo nawo ndi nkhani. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire atagwira kalata ya mwana wake. "Aphunzitsi," anatero, "mwana wangayu anafika Fomu 4. Ine ndavutika ndi khasu moyo wanga wonse kuti iye adzakhale mu ofesi. Ndiye lero mukuti aziponda matope?" Sindinawatsutse, chifukwa maganizo akuti ntchito zamanja n'za olephera tinakula nawo tonse. Ndinangowatengera pa nyumba ina imene inkamangidwa pafupi, n'kuwapempha kuti afunse okha kapitawo wa pamenepo ndalama zimene mmisiri amalandira pa tsiku, ndi zimene amalandira wotunga madzi. Atamva kusiyana kwake anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Chabwino, ayesere."

Ndalama ndi zipangizo

Apa ndiye pagona nkhani. Ku sekondale, mphunzitsi wa mbiri yakale akakhala ndi choko ndi buku limodzi atha kuphunzitsa ana 60. Mu shopu sizitheka. Wophunzira ukalipentala amaphunzira powononga thabwa, womanga amaphunzira potaya matope, wowotcherera amaphunzira pomaliza ndodo zowotcherera pa zitsulo zimene palibe adzagule. Njira yophunzitsira imene TEVETA inabweretsa imafuna kuti wophunzira asonyeze ndi manja ake kuti ntchito yakutiyakuti akuitha asanapite pa ina. Mfundoyi ndi yabwino, koma tanthauzo lake n'lakuti popanda zipangizo palibe phunziro.

Ndalama za koleji yotere zimalowa mbali zitatu. Yoyamba ndi nyumba ndi makina, zimene zimagulidwa kamodzi. Yachiwiri ndi kukonzetsa makinawo akawonongeka. Yachitatu ndi zinthu zotha tsiku ndi tsiku monga simenti, matabwa, misomali, guluu, nsalu, ulusi, mawaya ndi mafuta a jenereta. Pa mbali yoyamba abwenzi akunja athandiza kwambiri. Dziko la China linamanga ena mwa makolejiwa, bungwe la European Union linathandiza kudzera mu ndondomeko ya STEP, ndipo mu 2021 World Bank inavomereza madola 100 miliyoni a ndondomeko ya SAVE yotukula luso m'makoleji ndi m'mayunivesite. Koma mbali yachiwiri ndi yachitatu nthawi zambiri zimatsalira mtsogoleri wa pa koleji. Nyumba yatsopano imakhala ndi mwambo wotsegulira, alendo ndi zithunzi, pamene thumba la simenti lilibe mwambo. Motero n'zotheka kupeza makina okongola ataphimbidwa ndi nsalu chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi.

Zaka za 2022 ndi 2023 zinatiphunzitsa zambiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti. Bajeti yolembedwa kumayambiriro kwa chaka inkafika pakati pa chaka itasanduka pepala wamba. Tinasiya kutsatira ndandanda ya pa khoma n'kuyamba kutsatira magetsi. Akayaka m'mawa, owotcherera onse ankathamangira mu shopu, phunziro langa la Chingerezi n'kudikira mpaka azime.

Aphunzitsi anali ndi nzeru zawo zopulumutsira zipangizo. Makoma oyeserera ankamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, kuti akawagwetsa njerwazo zigwirenso ntchito. Akalipentala ankayamba ndi zidutswa zimene tinkapempha kwa ocheka matabwa. Osoka ankayamba kudula ndi kusoka mapepala olimba asanakhudze nsalu.

Njira ina imene makoleji amatsata ndi kupanga katundu wogulitsa monga madesiki, mafelemu a zitseko ndi mawindo, ndi mayunifolomu. Imathandiza, koma ili ndi msampha, ndipo ine ndinakodwa. Chaka china tinalandira oda yaikulu ya madesiki a sukulu zapulayimale. Ndinasangalala, chifukwa phindu lake likanatigulira matabwa a teremu yonse yotsatira. Kwa milungu 7 ophunzira a ukalipentala anangokhalira desiki: kucheka, kupala, kukhoma, kupaka vanishi. Madesiki anatuluka okongola ndipo ndalama zinalowa. Koma nthawi yowayesa itakwana, ambiri analephera kupachika chitseko ndi kulumikiza mitengo ya denga, chifukwa nthawi yophunzira zimenezo ndinali nditaigulitsa. Mphunzitsi wawo, munthu wamkulu wosakonda zolankhulalankhula, anangondiuza kuti, "Bwana, madesiki tapanga, koma akalipentala ayi."

Kuchokera pamenepo tinagwirizana kuti oda iliyonse iyambe yaonedwa ndi mphunzitsi wa ntchitoyo, ndipo ilandiridwe pokhapokha ngati ikugwirizana ndi zimene ana akuphunzira nthawi imeneyo. Tinagwirizananso kuti ndalama iliyonse yolowa ndi chipangizo chilichonse chotuluka m'chipinda chosungira katundu zilembedwe m'buku ndipo asaine anthu awiri. Pamene pali simenti ndi malata mphekesera sizichedwa, ndipo mtsogoleri amene anthu ayamba kumukayikira mawu ake sakhalanso ndi mphamvu.

Aphunzitsi

Aphunzitsi a ntchito zamanja alipo a mitundu iwiri. Ena ndi amisiri enieni, manja awo ndi odziwa, koma kufotokoza kumawavuta. Mwana akalakwitsa amangomulanda chida n'kumaliza okha. Ena ali ndi mapepala abwino ndipo amalankhula momveka pa bolodi, koma papita zaka asanagwire ntchito ya kasitomala weniweni. Udindo wa mtsogoleri ndi kuthandiza aliyense pa mbali imene akuperewera. Woyambayo aphunzire kukonza phunziro ndi kuleza mtima, wachiwiriyo apite pa tchuthi kukagwira ntchito kwa kontirakitala kapena ku galaja kuti aone zimene zasintha. Tinkaitananso amisiri a m'dera kudzasonyeza luso lawo. Mayi wina wosoka pa msika anaphunzitsa ana athu m'maola awiri okha kayezedwe ka makasitomala a matupi osiyanasiyana, kamene anali atalephera kukamvetsa m'buku teremu yonse.

Anthu ankandifunsa kuti ndingayang'anire bwanji phunziro la kuwotcherera ine wosadziwa kuwotcherera. Chida changa chinali wotchi. Ndinkakhala pakona n'kusankha wophunzira mmodzi, makamaka wamanyazi kapena mtsikana, n'kuwerenga mphindi zimene chida chinali m'manja mwake. Ngati pa maola atatu wagwira chida mphindi 10 zokha, ndiye kuti tsikulo wangoonerera. Kuwerenga kumeneku kunatithandiza kugawa ana m'magulu ang'onoang'ono osinthana, ena akuyeza ndi kudula pamene ena akuwotcherera.

Kukaphunzira kwa olemba ntchito

Palibe shopu ya pa koleji imene ingafanane ndi malo enieni a ntchito. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. N'chifukwa chake wophunzira amayenera kukakhala miyezi ingapo kwa kontirakitala, ku galaja, ku fakitale kapena kwa telala wodziwika, zimene ana amazitcha atachimenti. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe makampani alipo, koma m'boma la kumudzi olemba ntchito ambiri ndi eni mashopu ang'onoang'ono, ndipo mtsogoleri amayenera kuyenda khomo ndi khomo kupempha malo.

Malo akapezeka, ntchito imakhala isanathe. Nthawi ina ndinapita kukayendera mnyamata wathu amene tinamutumiza ku galaja ina ya njinga zamoto. Ndinamupeza akutsuka njinga. M'kope lake la ntchito munalibe cholembedwa, ndipo atandiona anagwetsa nkhope. Kwa milungu itatu ntchito yake inali kutsuka, kusesa ndi kukagulira amakaniko chipisi.

Ndinapsa mtima, koma safunsa anadya phula, choncho ndinayamba ndamva mbali ya mwini galajayo. "Aphunzitsi," anatero, "njinga izi n'za eni ake. Mwanayu akawononga injini, alipira ndani? Komanso ndikamuphunzitsa zonse, mawa atsegula yake pompano." Mantha onse awiriwa anali omveka. Tinagwirizana kuti mnyamatayo ayambe ndi ntchito zing'onozing'ono monga kusintha oilo, kumanga tcheni ndi kukonza mabuleki, mwiniyo akuyang'ana, ndipo Lachisanu lililonse asaine m'kope zimene wachita. Ifenso tinalonjeza kuti galajayo ikafuna kuwotcherera chinthu izibwera ku shopu yathu pa mtengo wotsika. Ubale ndi olemba ntchito umalimba ngati mbali zonse ziwiri zikupindula.

Kuyambira tsiku limenelo sitinkatumiza mwana popanda kalata ya mgwirizano yonena zimene akaphunzire, amene akamuyang'anire, ndi nthawi yoweruka. Kwa atsikana tinkasamala koposa. Mtsikana amene walimba mtima kuphunzira zomangamanga kapena zamagetsi amakakhala yekha pakati pa amuna, ndipo ena amakumana ndi mawu achipongwe kapena kufunsiridwa mokakamiza ndi munthu yemwe ayenera kusaina kope lawo. Tinkasankha malo mosamala, kutumiza atsikana awiriawiri pamene kunali kotheka, ndi kuwapatsa mphunzitsi wamkazi woti azimuimbira foni. Malo amene tinamvako dandaulo lotere sitinkatumizakonso mwana.

Olemba ntchito amaphunzitsanso mtsogoleri. Nditawafunsa zimene ana athu ankaperewera, ndinkayembekeza kumva za luso. Ambiri anatchula kuchedwa, kusewera ndi foni, kuyeza mwaulesi, ndi kulephera kuwerengera mtengo wa ntchito. Chomalizachi n'chachikulu, chifukwa ambiri mwa ana athu sadzalembedwa ntchito ndi munthu, adzadzilemba okha. Kalipentala amene sadziwa kuphatikiza mtengo wa matabwa, misomali, vanishi, thiransipoti ndi thukuta lake amagulitsa bedi motsika kuposa ndalama zimene walowetsa, ndipo pakatha miyezi itatu mpamba watha.

Nkhani ya chiyankhulo

Monga wophunzira za chiyankhulo, mbali iyi sindingaidumphe. Lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu ndi m'makoleji ndi Chingerezi, ndipo masilabasi, mabuku ndi mayeso olemba a ntchito zamanja ali m'Chingerezi. Koma mu shopu, makina akamalira, mphunzitsi amalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, malinga ndi dera. Kasitomala nayenso amabwera ndi chiyankhulo chake. Zotsatira zake n'zakuti pali ana amene ntchito amaitha bwino koma funso la pa pepala salimva, ndi ena amene amaloweza matanthauzo a Chingerezi osadziwa chimene akunena.

Ife tinatsata njira yosavuta. Mphunzitsi ankayamba kufotokoza m'Chichewa, kusonyeza ndi manja, kenako n'kupereka dzina la Chingerezi ndi kulilemba pa bolodi. Malangizo a chitetezo, monga kuvala magalasi powotcherera ndi kuzimitsa magetsi usanagwire waya, tinawalemba m'Chichewa ndi zilembo zikuluzikulu pa khoma, chifukwa ngozi sidikira kuti munthu amasulire. M'phunziro langa ndinasiya nkhani za m'mabuku a sekondale n'kuyamba kuphunzitsa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, risiti, ndi pepala losonyeza mtengo wa ntchito, m'ziyankhulo zonse ziwiri.

Ndinaonanso kuti amisiri ali ndi Chichewa chawochawo. Mawu monga sipanala, bawuti, levulo, sikweya ndi felemu anachokera ku Chingerezi koma anakhazikika kalekale, ndipo kuwachotsa kungakhale kuvutitsa anthu pachabe. Palinso mawu athu enieni monga kupala, kusema, kusula, kuzira ndi kufolera, amene amatchula ntchito molunjika kuposa mawu obwereka. Mtanthauziramawu wa Chinyanja amene anatuluka mu 2000 anatithandiza, koma mawu a m'mashopu amasintha ndi kuchuluka chaka ndi chaka. Ndikuganiza kuti ife ophunzira za chiyankhulo tili ndi ntchito pamenepa: kupita m'magalaja ndi pa zomanga kope lili m'manja, kumva mmene amisiri amatchulira zida ndi zochita zawo, n'kuzilemba kuti aphunzitsi ndi okonza mayeso azigwiritse ntchito.

Muyeso wa kupambana

Setifiketi ndi yofunika. Kwa zaka zambiri amisiri ankalemba mayeso a Trade Test, kuchokera Giredi 3 mpaka Giredi 1, ndipo pansi pa TEVETA pali masetifiketi a magawo osiyanasiyana. Pepala limathandiza munthu kufunsira ntchito ku kampani kapena kupitiriza maphunziro ku koleji yaikulu. Koma mtsogoleri amene amangoyang'ana chiwerengero cha okhoza mayeso atha kudzinamiza. Funso lenileni n'lakuti, patatha chaka chimodzi, mwana uja akudya chiyani?

Ndinali ndi kope lolembamo nambala za foni za omaliza maphunziro ndi za abale awo, ndipo pakatha miyezi 6 ndi miyezi 12 ndinkawaimbira. Ena ndinkawapeza pa ntchito, ena atatsegula mashopu, ena atapita ku Joni, ndipo ena ali khale pakhomo. Pafupifupi onse a pakhomowo ankatchula chinthu chimodzi, zida. Wowotcherera wopanda makina ali ngati mlimi wopanda khasu. Choncho tinayamba kuwalimbikitsa kupanga magulu a anthu atatu kapena anayi asanamalize maphunziro, kusonkha ndalama za maganyu a pa tchuthi, kulowa banki m'khonde, ndi kugula zida chimodzichimodzi. Tinalolanso omaliza kubwera Loweruka kudzagwiritsa ntchito makina a pa koleji polipira pang'ono. Gulu lina la atsikana atatu osoka linayamba ndi makina amodzi obwereka. Pamene ndinkachoka anali ndi makina atatu, ndipo anali atalandira mwana wathu wina pa atachimenti.

Mawu omaliza

Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena za dziko lodzidalira, la mafakitale ndi mizinda yamakono. Zonsezi zidzafuna anthu odziwa kuyala buloko mowongoka, kulumikiza waya mosaika moyo pachiswe, ndi kuuza kasitomala mtengo woona. Ambiri mwa anthu amenewo akuphunzira lero m'mashopu a makoleji a m'madera, kutali ndi likulu.

Kwa amene angadzapatsidwe udindo umene ndinali nawo, malangizo anga ndi awa. Yendani pa msika musanasankhe zophunzitsa. Tetezani ndalama za zipangizo kuposa za china chilichonse. Werengani mphindi zimene chida chili m'manja mwa wophunzira. Yenderani ana kumene mwawatumiza, makamaka atsikana. Lankhulani nawo m'chiyankhulo chimene akumva, ndipo akamaliza musataye nambala zawo. Mutu umodzi susenza denga, choncho mverani aphunzitsi, mafumu, makolo ndi eni mashopu, ngakhale pamene akunena zowawa. Ine ndinaphunzira zambiri pa mawu ochepa a mphunzitsi wa ukalipentala uja kuposa pa misonkhano yonse imene ndinapitako.